Makina oumbira pulasitiki tingathe kudzikhomera tokha

A Mkonzi,

Ndiloleni mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za luso lina limene achinyamata athu ophunzira ntchito zamanja angalitole mosavuta, koma limene silimveka kawirikawiri pamene akuluakulu akukamba zoti dziko lino lizidzipangira katundu m'malo momangoitanitsa kunja. Lusoli ndi loumba zinthu kuchokera ku mapepala olimba a pulasitiki pogwiritsa ntchito kutentha ndi kuyamwa mpweya, njira imene amisiri amaitcha vacuum forming. Makina ake munthu angathe kudzikhomera ndi zipangizo zimene zambiri zimapezeka kale kwa akalipentala, kwa owotcherera zitsulo ndi kwa okonza mafiriji a ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Zigwagwa. Mfundo yanga ndi yakuti kukhoma makinawo ndi gawo lopepuka la ntchitoyi, ndipo amene akufuna kupindula nawo ayenera kuika mtima kwambiri pa chikombole, pa mtundu wa pulasitiki imene akutenthetsa, ndiponso pa chitetezo cha moyo wake ndi wa anthu amene amuzungulira.

Owerenga ambiri anagwirapo kale zinthu zopangidwa mwa njira imeneyi ngakhale sanazindikire. Khoma loyera la m'kati mwa firiji, lija lili ndi timizere tokolekamo mashelefu, limaumbidwa kuchokera ku pepala limodzi lalikulu la pulasitiki limene limatenthetsedwa n'kuyamwidwira pa chikombole. Timakapu ta yogati, timathireyi ta m'mapaketi a mabisiketi, timatuza toonekera timene mumakhala mapiritsi a kuchipatala, ngakhalenso mabafa ena osambiramo, zonsezi zimapangidwa potenthetsa pepala n'kuliumba. M'mafakitale makina ake ndi aakulu ndipo amatulutsa zinthu zikwizikwi pa ola, koma nzeru yake ndi yapafupi moti m'zaka za m'ma 1960 kampani ya zidole ya Mattel ku America inkagulitsa kamakina kotere, kotchedwa Vac-U-Form, kuti ana aziumbira tizidole tawo kunyumba. Ngati ana a msinkhu wa pulayimale ankatha kukayendetsa, mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira ukalipentala kapena zamagetsi sangalephere kukhoma makina okulirapo.

Kagwiridwe ntchito ka makinawa n'kosavuta kukamvetsa. Pepala la pulasitiki limapanidwa m'felemu n'kutenthetsedwa mpaka litafewa. Kenaka felemuyo imatsitsidwa pamwamba pa chikombole chimene chaikidwa pa thabwa lokhala ndi timabowo tambirimbiri, ndipo nthawi yomweyo mpweya umene watsekeredwa pakati pa pepala ndi thabwa umayamwidwa kudzera m'timabowoto. Chimene chimaumba pulasitikiyo kwenikweni ndi mpweya wa m'chipinda, womwewu umene timapuma. Mpweya umenewu umapsinja chinthu chilichonse ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa pafupifupi kilogalamu imodzi pa kabwalo kalikonse ka sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi, koma sitiumva chifukwa umakankha mbali zonse mofanana. Mukauchotsa kunsi kwa pepala, wa pamwamba umatsala wopanda wolimbana nawo, choncho umakanikiza pulasitiki yofewayo kuti ikumbatire chikombole mpaka m'makona.

Titenge thabwa la masentimita 40 mulitali ndi 30 mulifupi, umene ndi msinkhu wabwino kwa woyamba kumene. Thabwa lotere lili ndi timabwalo 1,200 ta mtundu uja. Mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi; komabe mutati muyamwe mpweya wonse kunsi kwa pepala, thabwalo lingasenze mphamvu yoposa tani imodzi. Makina oyamwa fumbi a m'nyumba, aja ambiri timangoti huva, amachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweyawo, koma ngakhale pamenepo mphamvu yake imapitirira makilogalamu 200. Ichi n'chifukwa chake bokosi lokhomedwa mwachisawawa ndi timatabwa topyapyala limapindika kapena kusomphoka m'malumikizidwe.

Bokosi la pansi pa thabwa la timabowo liyenera kukhala la pulayiwudi kapena MDF (thabwa la tinyenyeswa ta mtengo topsinjidwa pamodzi) yochindikala mamilimita 12 mpaka 18, ndipo likhale lalifupi, pafupifupi masentimita asanu kutalika kwake, chifukwa mpweya wonse wa m'bokosimo uyenera kutuluka pepala lisanazizire, ndipo bokosi lakuya limangochedwetsa ntchitoyo. M'kati mwake muzikhomedwa timizati tingapo tochirikiza thabwa la pamwamba. Timabowo ta mamilimita awiri kapena atatu, totalikirana masentimita awiri kapena atatu, n'tokwanira; pansi kapena pambali pamaboledwa bowo limodzi lalikulu lolowetsapo paipi ya choyamwira mpweya. Malumikizidwe onse amatsekedwa ndi guluu ndi silikoni, ndipo m'mphepete mwa thabwa, pamene felemu imadzagonera, mumamatidwa mphira kuti mpweya wa kunja usalowerere. Malegeni odulidwa bwino kuchokera ku chubu chakale amagwira ntchito imeneyi. Musanatenthetse chilichonse, yalani jumbo pamwamba pa thabwa, yatsani choyamwira, ndipo mvetserani pamene pakulira mpweya. Pamenepo ndi pamene mphamvu yanu ikutayikira.

Za felemu sindichulukitsa mawu. Pamafunika mafelemu awiri ofanana opana pepala pakati, omangidwa ndi mabawuti kapena zopanira zolimba kuti pepala lisapulumuke pamene likukokedwa. Felemu ya matabwa ndi yosavuta kukhoma koma imawauka pakapita nthawi. Ya chitsulo imakhalitsa koma imatentha, choncho imafuna zogwirira za mtengo.

Chotenthetsera ndicho chimasiyanitsa makina abwino ndi ongovutitsa. Ambiri amagwiritsa ntchito maelementi ochotsedwa m'makuka akale a magetsi kapena timachubu ta m'mahita otenthetsera m'nyumba, n'kuziika m'bokosi la lata limene limabweza kutentha kulozera ku pepala. Cholinga si kutentha kwambiri ayi, koma kutentha kofanana pa pepala lonse. M'mphepete mumazizira msanga chifukwa felemu ndi mpweya wa panja zimatenga kutenthako, choncho maelementi ayenera kuyandikana kwambiri m'mbali kusiyana ndi pakati, ndipo pepala likhale patali pang'ono, masentimita 10 kapena 15, kuti mizere ya maelementiwo isadindike pa pulasitiki. Pali amene amaika chotenthetsera pansi, pepala n'kukhala pamwamba, kenaka n'kutembenuzira felemu pa chikombole pogwiritsa ntchito mahinjesi. Ine ndimakonda chotenthetsera cha pamwamba, felemu n'kumatsika molunjika m'njanji ziwiri, pa chifukwa chimodzi chachikulu: pulasitiki ikafewa imalendewera pansi, ndipo ngati moto uli pansipo, kuchedwa pang'ono kokha kumaigwetsera pa elementi yofiira.

Pa nkhani ya magetsi pamafunika kuwerengera. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi ya maampu 13, kutanthauza kuti pulagi imodzi siyenera kunyamula zoposa mawati pafupifupi 3,000. Chotenthetsera cha mawati 2,000 ndi huva ya mawati 1,500 zikalumikizidwa ku chingwe chimodzi chowonjezera, zapyola kale malire amenewo. Njira yabwino ndi kuzipatsa masoketi osiyana kapena kuzimitsa chotenthetsera pamene mukuyatsa choyamwira, popeza sizifunika kuyaka nthawi imodzi. Mtengo wa magetsiwo si woopsa monga ambiri angaganizire: yuniti imodzi imayendetsa chotenthetsera cha mawati 2,000 kwa theka la ola, pamene pepala lopyapyala limafewa m'mphindi zochepa chabe. Ena adzafunsa za mbaula. Makala amatentha mokwanira, koma moto wake sufanana malo onse, suzimitsika pa nthawi imene mukufuna, ndipo umatulutsa mpweya wakupha m'chipinda chotseka; sindingaulimbikitse kwa wophunzira.

Choyamwira mpweya chili ndi njira zingapo. Huva imayamwa mpweya wambiri mofulumira koma mphamvu yake ndi yochepa, choncho ndi yoyenera mapepala osapitirira milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndi zikombole zopanda tizokongoletsa tating'onoting'ono. Kompuresa ya firiji yakale ndi yosiyana nayo kotheratu: imatha kuchotsa mpweya pafupifupi wonse, koma imayamwa pang'onopang'ono moti pepala lingazizire isanafike patali. Nzeru yake ndi kuilumikiza ku thanki ya chitsulo, kuisiya iyamwe mpweya wa m'thankimo pamene pepala likutenthetsedwa, ndipo felemu ikangogona pa thabwa, kutsegula valavu yaikulu kuti mpweya wa kunsi kwa pepala uthamangire m'thanki nthawi imodzi. Kumene kulibe magetsi okwanira, pampu ya njinga imene chikopa chake chatembenuzidwa, n'kuikidwa valavu yoletsa mpweya kubwerera, imatha kuyamwa thanki yomweyo ndi mphamvu ya manja. Thankiyo iyenera kukhala yochindikala, monga ya kompuresa yopopera matayala. Diramu kapena chigubu chimafwaphika mpweya ukachoka m'kati, ndipo silinda imene munali gasi wophikira siyenera kuboledwa kapena kuwotchereredwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo. Pochotsa kompuresa m'firiji, itanani wokonza mafiriji, chifukwa gasi wa m'mafiriji akale amawononga mlengalenga ndipo wa m'mafiriji ambiri atsopano amayaka moto.

Zonse ndatchulazi mmisiri wakhama angazimalize m'masiku ochepa. Pamene pagona ntchito yeniyeni ndi pa chikombole. Aliyense amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti maonekedwe a njerwa amachokera m'chikombole, ndiponso kuti chikombole chokakamira dothi chimachedwetsa ntchito tsiku lonse. Pa pulasitiki lamulo ndi lomwelo, kungoti kawirikawiri pulasitiki imavala chikombole kunja m'malo molowa m'kati. Ikamazizira imanyala pang'ono n'kuchigwira zolimba. Pa chifukwa chimenechi mbali za chikombole siziyenera kuima chilili, koma zipendekeke pang'ono, madigiri 3 mpaka 5, kuti pamwamba pakhale pochepa kusiyana ndi pansi. Pasakhalenso malo olowa m'kati kunsi kwa malo otukuka, chifukwa pulasitiki ikakulunga pamenepo chikombole sichituluka pokhapokha mutang'amba chimene mwaumbacho. Theka la mpira limaumbika bwinobwino, koma mpira wathunthu umatsekeredwa m'kati.

Makona akuthwa ndi mdani wina. Pepala likamakokedwa kuti liphimbe chikombole, limapyapyala, popeza pulasitiki yomweyo ikuyalidwa pa malo aakulu. Pepala la milimita imodzi likatambasulidwa kuwirikiza kawiri, limatsala pafupifupi theka la milimita, ndipo kupyapyalako sikufanana, kumachulukira m'makona ndi m'malo akuya. Choncho makona onse azipalidwa kuti akhale obulungira, ndipo chikombole chisatalike kuposa m'mene chakulira mulifupi. Paliponse pamene pali kadzenje kapena ngodya yolowa m'kati, mpweya umatsekeredwa ndipo pulasitiki siifika pansi. Pamenepo pamaboledwa kabowo kakang'ono, kosapitirira milimita imodzi, kodutsa mpaka kunsi kwa chikombole. Chikombole chenichenicho chimakwezedwa pang'ono pa thabwa ndi timawashala kapena tindalama tachitsulo kuti mpweya uzidutsa kunsi kwake. Mukaika zikombole zingapo pa thabwa limodzi, zitalikirane ndi mpata wosachepera kutalika kwake, apo ayi pulasitiki imapindana pakati pawo n'kupanga makwinya oima amene sachotseka.

Mtengo wosemera chikombole nawonso umasankhidwa. Paini ndi wofewa ndipo amasemeka msanga, koma akatenthedwa amatulutsa utomoni umene umamatirira ku pulasitiki, ndiponso mizere yake imaonekera pa chinthu choumbidwacho. MDF ilibe mizere ndipo imasalala bwino ndi sandipepa, ngakhale kuti imatha msanga m'makona. Mtengo wolimba wouma bwino, monga mlombwa, umapirira maulendo ambiri. Zikombole za pulasitala, ija amamangira othyoka mafupa kuchipatala, ndi zabwino pa zinthu zokhotakhota, bola ziume kotheratu, chifukwa chinyontho chikakumana ndi pepala lotentha chimasanduka nthunzi n'kuwononga nkhope ya chinthucho. Mafakitale amagwiritsa ntchito aluminiyamu, ndipo poti m'misika yathu muli kale amisiri osungunula aluminiyamu n'kuumba mapoto, palibe choletsa kuti chikombole chimene chayesedwa ndi mtengo n'kupezeka chabwino chikapangidwenso ndi chitsulo chimenechi. Pulasitiki imakopera chilichonse, ngakhale kachizindikiro ka mpeni kapena kambewu ka utuchi, choncho ola limene mmisiri wathera akusalaza chikombole limabwezedwa pa chinthu chilichonse chimene chidzatulukepo.

Si pulasitiki iliyonse imene imaumbika. Mbale zolimba za melamine ndi zogwirira zakuda za mapoto zili m'gulu la mapulasitiki amene akauma kamodzi safewanso, mukawatenthetsa amangopserera. Amene amafewa ndi kutentha amadziwika ndi manambala amene amadindidwa m'kachizindikiro ka makona atatu kunsi kwa zinthu zambiri, dongosolo limene linayamba ku America mu 1988: 1 ndi PET, 2 ndi HDPE, 3 ndi PVC, 4 ndi LDPE, 5 ndi polypropylene, ndipo 6 ndi polystyrene. Kwa woyamba kumene, pepala losavuta ndi la HIPS, mtundu wolimbitsidwa wa polystyrene, limene limaumbika pa madigiri pafupifupi 150 kapena kupitirirapo ndipo limakhululukira zolakwa zing'onozing'ono. PETG ndi yoonekera, imafewa pa kutentha kocheperapo, ndipo ndi yabwino pa zophimba zimene wogula ayenera kuona za m'kati. ABS ndi yolimba kwambiri koma imayamwa chinyontho cha mumpweya, moti m'nyengo ya dzinja pepala losaumitsidwa limatuluka timatuza likatenthedwa. Polypropylene ndi HDPE zimavuta chifukwa mpata wa pakati pa kulimba ndi kusungunuka kwake ndi waung'ono, ngakhale kuti polypropylene ndi imene amisiri opanga miyendo yoikirira amaitenthetsa n'kuiyamwira pa chikombole cha pulasitala chojambulidwa pa mwendo wa wodwala.

Ambiri amaganizira msanga za mabotolo a zakumwa amene ali mbwee m'ngalande zathu. Tsoka ilo, botolo la PET linakokedwa kale popangidwa, choncho likatenthedwa limakwinyika n'kubwerera m'mbuyo m'malo motambasuka. Pophunzira, timbale ta pulasitiki totayidwa tikatha ntchito, tija tili ndi nambala 6, n'tokwanira kuyeserapo zikombole zing'onozing'ono popanda kuwononga pepala lodula.

Kudziwa nthawi yotsitsira felemu kumaphunziridwa ndi maso. Pepala likayamba kumva kutentha limachita mafundemafunde, kenaka limakungika n'kusalala, ndipo pambuyo pake limayamba kulendewera pakati. Likalendewera masentimita angapo mofanana, nthawi yakwana, ndipo kuchokera pamenepo kufika pa chikombole pasadutse masekondi ambiri, chifukwa pepala lopyapyala limazizira mofulumira kwambiri. Lotsitsidwa msanga limasiya makona osaoneka bwino. Lochedwa limachita makwinya, limabooka kapena kusintha mtundu. Ndi bwino wophunzira azilemba m'kope mtundu wa pepala, kuchindikala kwake, ndi mphindi zimene latenga, kuti mawa asayambirenso kuyerekeza. Chinthu choumbidwacho chimachotsedwa chikalimba koma chisanazizire kotheratu, ndipo ufa wa pauda wowazidwa pang'ono pa chikombole umathandiza kuti chisakakamire.

Tsopano ndifike pa za chitetezo, zimene makanema ambiri a pa YouTube amangozilambalala pamene akuonetsa anthu akulowetsa pulasitiki mu uvuni wa kukhitchini. Uvuni wophikira chakudya cha banja si malo otenthetseramo pulasitiki. Pulasitiki iliyonse yotenthedwa mopyola muyeso imatulutsa utsi woipa, koma PVC ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imatulutsa mpweya wa asidi umene umawotcha maso, mmero ndi mapapo, ndiponso umadya zitsulo za makinawo. Ntchitoyi izichitikira pakhonde kapena m'shedi yopita mphepo, kutali ndi ana. Pulasitiki yosungunuka ikagwera pakhungu imamatirira n'kupitiriza kuwotcha, choncho magolovesi achikopa, aja amavala owotcherera, ndi ofunika. Bokosi la chotenthetsera, poti ndi la chitsulo, lilumikizidwe ku waya wa ethi, ndipo mawaya olowa ku maelementi akhale opirira kutentha, osati a wamba amene chikutiro chake chimasungunuka. Zidutswa za malata akale a asibesitosi zisagwiritsidwe ntchito potchinga kutentha ngakhale zikuoneka zoyenera, chifukwa fumbi lake limayambitsa matenda osachiritsika a m'mapapo. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga, osati ya madzi.

Pali ngozi ina imene ndi yathuyathu ndipo sindikayika kuti okonza makina a kunja saiganizira. Magetsi akathima pakati pa ntchito, munthu amasiya zonse n'kupita kwina, switchi ili yoyatsa. Akabwera usiku, chotenthetsera chimayaka chokha pamwamba pa pepala la pulasitiki ndi bokosi la matabwa, popanda woona. Makina aliwonse otere ayenera kukhala ndi switchi ya mtundu umene umadzizimitsa magetsi akachoka ndipo suyakanso mpaka munthu ataudina, kapena mwini wake azolowere kuzula pulagi nthawi iliyonse magetsi akathima.

Funso limene owerenga ali nalo ndi lakuti makina amenewa angapange chiyani chogulitsika kuno. Sangapange mabotolo, zidebe, mabeseni kapena mipando, chifukwa zimenezo zimafuna makina ena opopera kapena othira pulasitiki yosungunuka m'zikombole zachitsulo, ndipo aliyense wolonjeza zimenezo akunamiza anthu. Chimene amatha ndi zinthu zosaya, zotseguka mbali imodzi, zofunika mazana ochepa osati mamiliyoni, zimene fakitale yaikulu singavutike nazo. Mathireyi ofeseramo mbewu za masamba ndi mitengo, zikombole za sopo zokhala ndi dzina la gulu la amayi limene likumupanga, zikombole za njerwa za simenti zoyala pabwalo, zilembo zotukuka za pa zikwangwani za masitolo, timabokosi tophimba zipangizo za magetsi a dzuwa, ndi zoikamo katundu kuti asagundane m'katoni, zonsezi zili m'manja mwa mmisiri wa makina a masentimita 40. Zoikamo chakudya ndi nkhani ina: zimafuna pepala latsopano lovomerezeka kukhudzana ndi chakudya, malo aukhondo, ndi chilolezo cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards.

Koma ntchito imene imandikhudza mtima kwambiri ndi ya ana osaona. M'maiko ambiri, makina a mtundu womwewu akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri kuchulukitsa masamba a zilembo za Braille ndi zithunzi zopapasa. Mphunzitsi amakonza tsamba limodzi loyambirira pa katoni yolimba: ulusi womatidwa ndi guluu umaimira mtsinje, sandipepa amaimira nyanja, tizidutswa ta katoni tosanjikizana timaimira phiri, ndipo timabowo ta singano timaboledwa m'mbali mwa zonsezi kuti mpweya udutse. Kuchokera pa tsamba limodzilo mumatuluka makope ochuluka a pulasitiki amene safufutika ngakhale zala zambiri zidutsepo. Taganizani mwana wa Sitandade 6 akutsata ndi chala mtsinje wa Shire kuchokera pamene ukutuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe mpaka kutsikira ku Nsanje, kenaka n'kupapasa phiri la Mulanje limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Zomwezo zingachitike ndi chithunzi cha mtima, cha duwa kapena cha makona a masamu. Timadontho ta Braille ndi tating'ono kwambiri moti timafuna mphamvu ya kompuresa ndi thanki, koma mapu ndi zithunzi zikuluzikulu zimatheka ngakhale ndi huva. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene imasula aphunzitsi a ana ofuna chithandizo chapadera pa maphunziro, ndiyo ingalangize amisiri za msinkhu ndi katalikirana ka zizindikiro zimene chala chimatha kusiyanitsa, popeza chithunzi chokongola m'maso chingathe kukhala chisokonezo kwa wopapasa.

Ena adzati dziko lino lili kale pa nkhondo ndi pulasitiki, nanga ine ndikulimbikitsiranji ina. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60 mu 2015, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Pepala la milimita imodzi lili ndi mamaikuloni 1,000, kuposa malire amenewo maulendo 16, ndipo thireyi yofeseramo mbewu kapena chikombole cha sopo chimagwira ntchito nyengo zingapo, pamene jumbo imatayidwa tsiku lomwelo. Komabe njira imeneyi ili ndi chilema chake chimene sitiyenera kubisa: chinthu chilichonse chikadulidwa pa pepala, m'mphepete monse mumatsala zidutswa, ndipo pa zikombole zina zotsalazo zimakhala zochuluka ndithu. Zidutswa zimenezi zisatenthedwe pamoto kapena kutayidwa kudzala. Zisungidwe m'matumba osiyana malinga ndi mtundu wake, chifukwa pulasitiki yoyera ya mtundu umodzi imagayika n'kupangidwanso, pamene yosakanizika ilibe msika. Ntchito ya Precious Plastic, imene anayambitsa Dave Hakkens ku Netherlands mu 2013, inafalitsa mwaulere mapulani a makina ogayira pulasitiki ndi oipsinja kukhala mapepala, ndipo makoleji athu angachite bwino kuwaunika.

Chopinga chachikulu, m'kuona kwanga, ndi kapezedwe ka mapepalawo. Ambiri amachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholowa m'dziko chakwera mtengo. Mmisiri mmodzi wogula pepala limodzilimodzi kwa ogulitsa zipangizo za zikwangwani sangapikisane ndi katundu wopangidwa kale wochokera ku China kapena ku South Africa. Koma mapepala osalala amapakirika mothinana, pamene mathireyi ndi zophimba zoumbidwa kale zimadya malo ambiri m'galimoto, ndipo phindu lina la mmisiri wa kuno ndi lakuti angathe kupanga zinthu makumi asanu zokha za msinkhu umene kasitomala akufuna, sabata yomweyo. Amisiri akadzakhala angapo, kugula mapepala pamodzi ngati gulu ndiko kudzatsitse mtengo.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a TEVETA, bungwe limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ndi kwa oyendetsa makoleji a Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, pamodzi ndi makoleji a m'madera. Makina amenewa ndi ntchito imene ingasonkhanitse ophunzira a nthambi zosiyana pa benchi imodzi: a ukalipentala akhome bokosi ndi kusema zikombole, owotcherera apange felemu ndi njanji zake, a zamagetsi alumikize chotenthetsera ndi switchi yodzizimitsa ija, ndipo a zamafiriji akonze kompuresa ndi thanki. Aphunzitsi a uinjiniya a ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo angathandize poyesa pulani imodzi, kutsimikiza kuti ndi yosaopsa, ndi kuilemba m'Chichewa ndi miyezo yake yonse kuti mmisiri wa kumsika asamadalire makanema a anthu amene magetsi, mapulagi ndi zipangizo zawo n'zosiyana ndi zathu. Makina oyamba kutuluka m'koleji iliyonse akapatsidwe ntchito yeniyeni pa sukulu yapafupi imene ili ndi ana osaona, ndipo aphunzitsi a anawo ndiwo anene ngati mapu otulukawo akuwerengeka ndi chala kapena chikombole chikonzedwenso.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ntchito zamanja wopuma pantchito,
Zomba